Mkeka wa ana ku laibulale yathu: mmene ntchito yayendera mu 2024

Anzanga awiri, wina wa ku Namwera wina wa ku Monkey Bay, akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti tinayamba bwanji malo owerengera ana aang'ono ndi makolo awo. Ndaona kuti ndi bwino ndingokopera zomwe ndakhala ndikulemba m'kope langa, ndikuwonjezera apo ndi apo, kuti aliyense wofuna kuyamba asagwe m'maenje omwe ife tagwamo.

Laibulale yathu ndi ya m'dera, yaing'ono, mtunda wa kabaza kuchokera pa Boma la Mangochi ukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi. Imayendetsedwa ndi komiti ya anthu 7. Ine ndinaphunzitsa Sitandade 1 zaka zambiri, ndipo nditapuma ndinadzipereka kuthandiza kuno. Mitengo yonse ndi ya chaka cha 2024, pambuyo poti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukamawerenga izi ikhala itakwera kale, choncho kafunseni nokha kumsika.

3 Febuluwale: komiti yavomera

Owerenga athu akhala a Fomu 4, a Sitandade 8 ndi abambo obwerera nyuzipepala. Mwana wosayamba sukulu sankaponda pakhomo, ndipo akalira ali kumsana mayi ake ankauzidwa kuti atuluke naye.

Ndinauza komiti zomwe ndinkaona chaka chilichonse sukulu ikamatsegulidwa. Mwana wa zaka 6 ukamupatsa buku, wina amaligwira mozondotsa, wina amalinunkhiza, wina amaliika pansi n'kukhalira. Ana opita kumadarasa ankatsegula kuyambira kumbuyo monga amachitira ndi mabuku a Chiarabu, ndipo amenewa sankandivuta chifukwa ankadziwa kale kuti zolembedwa zimalankhula. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo kuno, ndiye mphunzitsi sangakhale ndi mwana mmodzi pamwendo n'kumamutsegulira masamba. Ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga yomwe inayamba mu 2016 inabweretsa mabuku m'makalasi oyambirira, koma imamupeza mwana ali kale ndi zaka 6. Zaka zam'mbuyozo zili m'manja mwa makolo ndi alezi a kumkombaphala.

Komiti yatipatsa kachipinda kosungira katundu, mamita 3 mulifupi ndi 4 mulitali, ndi K60,000 ya umembala. Akufuna kwabwino asonkha K140,000. Tili ndi K200,000.

17 Febuluwale: chiswe, mileme ndi denga

Titatulutsa mabenchi othyoka tinapeza kuti chiswe chamanga njira zake kuchokera pangodya mpaka kudenga. Kumwamba kunali mileme, ndowe zake zitadzaza pansi. Malata anali ndi mabowo a misomali yakale.

Ndinalakwitsa kuyamba ndi kupaka laimu chifukwa ndinkafuna anthu aone kuti ntchito yayamba. Mvula itagwa usiku womwewo, khoma lonse linachita mizere yachikasu, ndipo tinagulanso laimu wina. Yambani ndi denga, kenako pansi, khoma pomaliza.

Mileme nayo tinaichita molakwika. Mmisiri anatseka mipata ndi sefa yawaya masana, mileme ili m'kati ikugona. Patapita masiku atatu fungo silinali lopilirika. Tinatsegulanso, tinasesa, n'kudikira madzulo kuti yonse ituluke kukasaka, ndiyeno tinatseka ndi tochi m'manja. Posesa ndowe za mileme muziyamba mwawaza madzi ndipo muzimanga nsalu kukamwa, fumbi lake limadwalitsa pachifuwa.

Zomwe zalowa: phula lomatira mabowo K9,000, sefa K12,000, thumba la simenti lotsekera ming'alu yapansi K19,000, laimu kawiri K10,000, mmisiri K20,000. Zonse K70,000.

9 Malichi: mashelefu

Akalipentala ndinangowauza kuti tikufuna mashelefu a mabuku, osawajambulira. Anapanga abwino ndithu, koma aatali mita ndi theka, oti mabuku aziimirira moonetsa msana monga a akuluakulu. Ndinatenga mdzukulu wanga wa zaka 3 kuti ayese. Anafikira thabwa lapansi lokha, ndipo pokoka buku limodzi anagwetsa onse. Mwana sasankha buku poona msana. Amafuna aone chithunzi cha pachikuto.

Tinawabweza. Anawadula kukhala masentimita 60, matabwa opendekera kumbuyo, ndi kathabwa kutsogolo kotchinjiriza buku kuti lisatsetsereke. Ngodya zonse anazipala kuti zisakhale zosongoka. Matabwa 6 a paini pa K7,500 limodzi, misomali K4,000, ntchito K18,000, kukonzanso K6,000. Zonse K73,000.

Wina anatilangiza kuti miyendo ya mashelefu tiiike m'zitini za oyilo wakutha kuti chiswe chisakwere. M'nyumba ya akuluakulu zimathandiza, koma kuno kuli ana okwawa omwe chilichonse amapititsa kukamwa. Tinazichotsa, n'kukhazika mashelefu pa njerwa zomatidwa simenti, motalikirana ndi khoma kuti tsache lizilowa kumbuyo. Lolemba lililonse ndimayang'ana ngati chiswe chayamba njira yatsopano.

Mipando sitinagule. Tagula mikeka 4 pa K6,000 umodzi, ndowa yampope K12,000 ndi sopo wa K3,000. Aliyense wa kuno akukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, choncho pa ndowa panalibe wotsutsa. Yatsala K18,000.

23 Malichi: mabuku alipo, koma ndi a yani?

M'kachipinda muja munali makatoni atatu a mabuku a ana omwe anabwera ngati mphatso zaka zapitazo. Ndawerenga, alipo 212. Ndakhala nawo masiku anayi. Ambiri ndi a Chingerezi, a masamba odzaza ndi mawu, oyenera mwana wa Sitandade 6. Ena akukamba za chisanu choyera cha kumaiko ozizira ndi zakudya zomwe mwana wa kuno sanazionepo. Sindikuti mwana asaone za kutali, koma buku lake loyamba likhale ndi mbuzi, bwato, mayi akusinja, kuti aloze n'kunena kuti ichi ndikuchidziwa.

Oyenera ana osakwana zaka 6 ndapeza 31. A Chichewa ndi 9 okha. La Chiyao palibe ngakhale limodzi, pomwe mabanja ambiri otizungulira amalankhula Chiyao pakhomo.

K18,000 yotsala ija yathera pa timabuku 12 ta Chichewa tomwe mnzathu anatigulira ulendo wake wa ku Lilongwe. Kwa inu oyamba kumene, lemberani kalata a National Library Service, bungwe la boma loyang'anira malaibulale lomwe layenda kuyambira m'ma 1960, ndipo mufunse za mabuku awo a ana otchedwa Werengani. Amenewo analembedwa ndi Amalawi ndipo zithunzi zake ndi za kwathu konkuno.

13 Epulo: tsiku loyamba

Tinadikira kuti mwezi wa Ramadan uthe. Uthenga unapita kwa amfumu, kumzikiti ndi kumatchalitchi awiri. Ndinagula mandasi a K8,000 a m'thumba mwanga poganiza kuti tilandire alendo bwino.

Mbiri ya mandasi inafika kutali kuposa ya mabuku. Kunabwera ana opitirira 80, ambiri a pulayimale atabereka ang'ono awo. Akuluakulu anali 5 okha, ndipo onse anakhala pakhonde osalowa. M'kachipinda munadzaza moti makanda anayamba kulira ndi kutentha. Mabuku 7 anang'ambika polimbirana. Ndinawerenga nthano imodzi mokuwa, koma palibe anamva.

Chakudya tasiya. Kumkombaphala phala ndi lofunika chifukwa ana amakhalako mmawa wonse, koma kuno amakhala ola limodzi ndi theka basi.

4 Meyi: lamulo la wamkulu, ndi nthawi yolakwika

Tinaika lamulo loti mwana aliyense azibwera ndi wamkulu, kaya mayi, bambo, agogo kapena azakhali. Loweruka lotsatira kunabwera ana 6. Lotsatiranso 4.

Loweruka mmawa ndinalisankha chifukwa ndi nthawi yomwe ine ndimamasuka, osafunsa eni ake. Amayi ambiri nthawi imeneyo ali kudooko kukapikula usipa, ena akuyanika pathandala, ena ali kumsika. Lachisanu ndi la mapemphero a Juma kumzikiti. Lamulungu mmawa ena ali kutchalitchi. Tagwirizana Lachitatu ndi Lamulungu, 2 koloko masana, kuti tizimaliza swala yamadzulo, pemphero la Asilamu, isanakwane. Chiwerengero chakwera kufika pa 10, koma amayi akumangosiya ana pakhomo n'kukhala pansi pa mtengo.

18 Meyi: ndayenda m'makomo

Ili ndi tsiku lomwe ndikadayenera kuyamba nalo mu Febuluwale. Ndinayenda makomo 9 ndi mayi wina wa m'komiti yemwe Chiyao ndi chake. M'makomo oyamba ankangoti ntchito zachuluka. Pakhomo lachisanu tinapeza mayi akutola miyala mumpunga, ndipo titakhalitsa anati:

"Aphunzitsi, ndikuuzeni zoona. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2. Pakhomo panu paja pali buku loti munthu alembe dzina. Ndilemba bwanji anthu akuyang'ana? Ndiye ndilowe, mwana andipatse buku kuti amayi werengani, ine kukamwa pululu. Mwana wanga yemwe andione choncho?"

Ndinasowa choyankha. Ndinabwerera ku laibulale n'kuima pakhomo ngati mlendo. Choyamba kuona ndi kaundula ndi cholembera chomangidwa chingwe. Pamwamba pake chikwangwani cha KHALANI CHETE. Kuti ufike kwa ana uyenera kudutsa pakati pa anyamata a Fomu 4, onse n'kutukula mitu. Ukafika, ukupeza ine nditaimirira kutsogolo ndi buku m'manja, ndikufunsa mafunso monga m'kalasi. Munthu yemwe sukulu inamupweteka mtima akaona zimenezo akuona sukulu yomweyo.

Zomwe tasintha sizinadye ndalama ngakhale tambala. Kaundula ndikulemba ndine, ndipo ndikumalemba anthu atakhala kale pansi, mocheza. Tatsegula chitseko chakumbuyo chomwe chinali chokhoma, ndiye mabanja akulowera kwawokwawo. Chikwangwani chasamukira kuchipinda chachikulu. Ine ndikukhala pamkeka, miyendo tambalale, ndipo mawu oti "ndani angandiuze" ndawasiya.

Chachikulu ndi ichi. Ndinabwerera m'makatoni aja n'kusankha mabuku 20 a Chingerezi omwe zithunzi zake zimafotokoza nkhani pazokha. Mawu onse ndinawamata pepala loyera. Buku lopanda mawu silifunsa kuti unalekera kalasi yanji. Wa digiri ndi wosapita kusukulu onse amayambira pamodzi, kuyang'ana chithunzi n'kunena zomwe akuona. A komiti ena anadandaula kuti ndikuononga mabuku. Ndinawaonetsa kuti ndamata m'mphepete mokha, pepala likhoza kuchotsedwa, komanso kuti mabukuwo akhala m'katoni zaka osatsegulidwa ndi munthu.

9 Juni: agogo atenga buku

Lero kunali akuluakulu 8 m'kati. Mmodzi ndi agogo ena omwe akulera adzukulu awiri, makolo awo ali ku Joni. Akhala akubwera masabata atatu osalankhula. Ndinawapatsa limodzi la mabuku omata aja, la nkhuku yomwe ikufunafuna mwanapiye wake.

"Agogo, tatiuzeni, chikuchitika n'chiyani apa?"

"Ine sinditha, mwanangu."

"Palibe mawu, agogo. Onani, ndi zithunzi zokhazokha."

Analitembenuza, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Padangokhala!" Chipinda chonse chinayankha, "Tili tonse!" Anayamba m'Chichewa, koma pofika tsamba lachitatu anali atalowa m'Chiyao osadziwa n'komwe. Nkhuku anaipatsa mawu, khwangwala wa pakona anamusandutsa wakuba, ndipo pakati anaikapo nyimbo yomwe amayi onse ankaidziwa n'kumavomera. Mdzukulu wawo wamng'ono ndiye ankatembenuza masamba, ndipo akafulumira agogo ankamugwira dzanja kuti dikira, sitinamalize apa. Nkhani yawo inasiyana kwambiri ndi yomwe ili pansi pa mapepala omata aja. Sindinawakonze ndipo sindidzawakonza.

Taonani zomwe mwana uja anaphunzira popanda wina kutchula lembo: buku limayambira uku, tsamba limatembenuzidwa limodzi limodzi, nkhani imadikira tsamba lotsatira, ndipo munthu amene amamukonda kwambiri amadziwa kugwira buku. Ana otere ndi omwe ndinkawalakalaka mu Sitandade 1. Maphatikizo a ba, be, bi adzawapeza kusukulu, ndipo sadzawaopa.

Kuyambira lero dongosolo ndi ili: nyimbo imodzi, nthano imodzi ya kholo lililonse lomwe lafuna, buku limodzi la Chichewa lowerenga ine, kenako banja lililonse litenge buku likhale pangodya yake.

22 Juni mpaka 13 Julayi: tikupanga mabuku athu

Popeza a Chiyao sitikuwapeza, tikupanga tokha. Gulu lina la banki mkhonde, mzikiti ndi matchalitchi asonkha K150,000.

Mnyamata wina wa Fomu 3 anayenda ndi foni kujambula zinthu za m'mudzi momwemo: nsomba pathandala, mbuzi, nkhuku, chitsime, bwato, mtondo ndi munsi. Nkhope za anthu tinazipewa pokhapokha eni ake atavomera. Zithunzi tinatsukitsa pa Boma, K500 chimodzi. Tsamba lililonse lili ndi chithunzi chimodzi ndi mawu awiri akuluakulu, Chichewa pamwamba Chiyao pansi: nsomba ndi somba, madzi ndi mesi, nkhuku ndi nguku, mbuzi ndi mbusi. Amayi ndi omwe ankatiuza mawu a Chiyao, ndipo pomwe ankatsutsana tinkasiya tsambalo mpaka agwirizane. Mayi wa mpunga uja ndiye anakhala wotsogolera pa zimenezi.

Zolakwika zinali zitatu. Choyamba, tinamata ndi phala la ufa wa chinangwa pofuna kupulumutsa ndalama. Patangotha sabata, mphemvu ndi makoswe zinali zitadya mabuku 5. Tsopano tikugwiritsa ntchito guluu woyera wa akalipentala. Chachiwiri, tinalumikiza masamba ndi mapini a makina, ndipo mwana wina anabayidwa chala. Bambo wina wosoka maukonde anatipatsa ulusi wake ndi kutionetsa mfundo yomwe simasuka. Tikuboola ndi msomali mabowo 5, n'kusoka ndi singano yosokera matumba. Mpaka pano palibe lomwe lamasuka. Chachitatu, inki ya zolembera zikuluzikulu inkasungunuka ndi malovu a makanda n'kuwadetsa milomo. Tsamba lililonse tikulikuta lonse ndi solotepi yaikulu yoonekera, mizere yopanikizana, ndipo tsopano limapukutika ndi kansalu konyowa.

Masamba ndi makatoni a sopo ndi a mafuta ophikira omwe eni magolosale akutipatsa ulere. Buku limodzi la zithunzi 5 likudya K3,200 tikaphatikiza guluu ndi solotepi. Tapanga 40, K128,000.

Mwera wayamba ndipo fumbi likulowa pa sefa. Tikufunditsa mashelefu ndi zitenje zakale tikamatseka.

21 Julayi: kubwereka kupita nawo kunyumba

Ola limodzi ndi theka kawiri pa sabata n'lochepa. Buku liyenera kugona m'nyumba momwe mwana akugona. Komiti inavomera kubwereketsa, koma ndi lamulo lakale la chindapusa: K200 pa tsiku lochedwa, ndipo wotaya alipire mtengo wonse. Masabata awiri anatha popanda wobwereka ngakhale mmodzi. Mayi wina anandiuza kuti, "Aphunzitsi, nyumba yathu ndi yaudzu, ana ndi anayi, mbuzi zimalowa. Nditenge ngongole ndi manja anga?"

Msonkhano wa komiti unatentha. Msungichuma anati tikachotsa chindapusa mashelefu atsala mbee pofika Khirisimasi, ndipo nkhawa yawo inali yomveka chifukwa ndalama ya mabuku ena tilibe. Ine ndinati buku lomwe likukhala loyera pashelefu silikuthandiza munthu. Tinagwirizana kuyesa miyezi iwiri: palibe chindapusa, buku limodzi pa banja, sabata imodzi, ndipo likaonongeka kholo libwere nalo tidzalisoke limodzi.

Atelala atisokera tizikwama 30 ta matumba a mpunga ochapa bwino, pulasitiki m'kati, ndi chingwe chokolekera pamsomali kuti mbuzi ndi madzi zisafikire. K700 chimodzi, K21,000 zonse. Matumba a feteleza musawagwiritse ntchito ngakhale ali olimba.

18 Ogasiti

Mabanja achepa chifukwa ndi nyengo ya jando ndi nsondo, ndipo makomo ambiri ali otanganidwa. Sitinalimbane nazo. Tasoka mabuku ong'ambika ndi kuyanika mikeka padzuwa.

8 Seputembala: abambo

Lero ndi tsiku lomwe dziko lonse limakumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga, ndiye tinaitana abambo mwapadera. Anabwera awiri. Ndinakhumudwa, mpaka bambo wa maukonde uja anandifotokozera. Mwezi unali wang'ono, usiku kuli mdima, ndipo nthawi yotere asodzi a usipa amachezera panyanja ndi nyali zawo chifukwa usipa umatsata kuwala. Masana akugona. Mwezi ukakhala wathunthu nyali sizikoka nsomba, ndipo ambiri amakhala kumtunda kusoka maukonde.

"Amayi, mukafuna ife muziyang'ana kumwamba, osati pa kalendala," anatero.

29 Seputembala: zotsatira za kubwereketsa

Miyezi iwiri yakwana. Malinga ndi kaundula wanga, mabuku atuluka ka 143. Osabwerera ndi 6. Obwerera ataonongeka ndi 15, ndipo 12 mwa amenewo tawasoka. Limodzi linapsa pangodya ndi koloboyi, umboni woti linkawerengedwa usiku.

Mayi wina anasowa masabata atatu. Nditamutsatira ndinapeza kuti buku linagwera mubeseni, ndipo ankaopa kuonekera. Analiyanika padzuwa mpaka linapindika ngati chikopa. Ndinamuuza kuti abwere nalo, tinalitsindika ndi njerwa masiku awiri, ndipo likugwirabe ntchito. Ndaphunzirapo kuti lamulo loti palibe chindapusa liyenera kunenedwa mokweza tsiku lililonse lokumana, chifukwa anthu sakhulupirira akamva kamodzi. Buku lonyowa lizikhala pamthunzi, masamba otsegula, osati padzuwa.

Komiti yavomera kupitiriza. Msungichuma apempha kuti mabuku 12 ogula aja asamatuluke mpaka tipeze ena, ndipo ndavomera.

20 Okutobala: pansi pa nimu

Kutentha kwa mwezi uno pansi pa malata opanda siling'i 2 koloko masana sikoti n'kuikamo khanda. Tasamukira pansi pa mtengo wa nimu kuseri. Tikutulutsa mikeka ndi mabuku 30 m'dengu. Kunja kwatithandiza mosayembekezera, chifukwa odutsa akuona zomwe zikuchitika ndipo ena akumaima.

Mwezi unali wathunthu masiku atatu apitawo, ndiye tinaitananso abambo. Abwera 11. Poyamba anakhala patali, mikono atapinda. Ndinatulutsa buku lathu la nsomba, ndipo mkangano unabuka woti chithunzi china ndi kambuzi kapena utaka. Ana anakwera pamiyendo ya abambo awo kuti aone nawo. Apempha kuti tipange buku la zida za usodzi, ndipo alonjeza kutiuza okha mayina.

6 Novembala: bokosi la kusikelo

Amayi a makanda osakwana chaka sabwera kwa ife, amati mwanayo sanayambe kumva. Koma kusikelo amapita, ndipo amadikira pamzere nthawi yaitali. Titapempha chilolezo kwa alangizi azaumoyo, tayamba kupita ndi mabuku tsiku la sikelo. Mwini golosale wina watigulira bokosi lachitsulo la K35,000. Kabaza ndi K1,500 kupita ndi kubwera, ndipo takonza maulendo 6 mpaka chaka chithe, K9,000.

Ulendo woyamba ndinanyamula mabuku apepala, makanda anawatafuna, ndipo ena mwa anawo anali ndi chimfine. Tsopano ndikunyamula okuta solotepi okhaokha, ndipo ndikabwerako ndikuwapukuta ndi madzi a sopo n'kuwayanika asanabwerere pashelefu. Mabanja 4 atsopano abwera ku laibulale kuchokera kusikelo.

1 Disembala: mvula yabwerera

Mvula yoyamba yamphamvu yagwa Lachinayi usiku. Phula lomwe tinamata mu Febuluwale linang'ambika ndi dzuwa la Okutobala, ndipo madzi anatsikira pa shelefu ya kumadzulo. Mabuku apepala 8 anyowa, 3 osabwezeka. Athu a makatoni angofunika kupukuta. Ndikadakwera padenga kumayambiriro kwa Novembala ndikadaziona. Chiswe nacho chatulukira pangodya yomwe ija, ndachikokolola ndi kuthira mankhwala ana kulibe, chitseko chikhala chotseka masiku awiri.

Ndalama zonse zomwe tagwiritsa ntchito kuyambira Febuluwale ndi K401,000, kuphatikizapo mandasi aja. Mabanja olembedwa ndi 37, ndipo obwera mosadumphitsa ndi pakati pa 15 ndi 20. Ana 5 a pamkeka wathu anayamba Sitandade 1 mu Seputembala, ndipo awiri akumabwerabe Lamulungu kudzawerengera ang'ono awo.

Mmisiri wati malata awiri a kumadzulo angofunika kusintha, kumata sikuthandizanso. Akubweretsa mtengo wake Lachiwiri. Pakali pano mashelefu tawakokera pakati pa chipinda ndipo tawafunditsa pulasitiki. Lachitatu tikumana monga mwa masiku onse, ndipo agogo aja apempha kuti buku la nkhuku ndiwasungire pouma chifukwa mdzukulu wawo wamng'ono akufuna kufotokoza yekha nkhaniyo.